Njerwa Zimene Zinadikira Chidindo

Ndiyambe ndi kuulula, poti ambiri amene akanandiseka anatsogola kale. Ine ndinkakhulupirira kuti pepala likadindidwa ndi chidindo cha boma limakhala ndi maso. Ndinkaganiza kuti ukachita zosemphana ndi zimene lalamula, ngakhale uli wekha kuseri kwa chulu, ilo limaona, ndipo amene analidinda amamva m'thupi kuti kwinakwake munthu wapotoka. Musaganize kuti ndinali mwana. Ndinali ndi ana anayi, njinga yangayanga, ndi ndevu zoyamba kutuwa. Sukulu ndinalekezera sitandade folo, osati chifukwa mutu unali wouma, koma ine ndi aphunzitsi tinayang'anana tsiku lina n'kuvomerezana kuti aliyense watopa ndi mnzake.

Ntchito yanga inali youmba njerwa, cha ku Magaleta kumene ndinakwatira. Ndinali mkamwini, ndiye chulu chimene ndinkakumba chinali cha kwa akazi anga. Changa chenicheni chinali chikombole chimene anandisiyira bambo anga, cha mlombwa, chotulutsa njerwa ziwiri nthawi imodzi, chosalala m'mbali ngati mpini wa khasu lakale. Njerwa zake zinali zocheperako kusiyana ndi zimene mumaumba masiku ano, koma zikapsa, ukazigogoda zinkalira ngati mbale yachitsulo. Buloko yakale ya pasukulu ya ku Magaleta komweko inamangidwa ndi njerwa za chikombole chimenecho, zoumba bambo anga, ine ndili wamng'ono. Zimenezi muzisunge, tizifuna kutsogoloku.

Inali nthawi imene anzathu a ku Mozambiki ankathawa nkhondo n'kumadzaza ku Luwani. Kulikonse kunali kumanga, ndipo aliyense wokhala ndi khasu ndi chidebe ankadzitcha kontirakitala. Pasukulu pathu ana anachuluka mpaka ena kumaphunzirira pansi pa mitengo ya mango, ndiye boma linaganiza zolumikiza makalasi awiri ku buloko yakale ija. Anamata chidziwitso pachitseko cha ofesi ina ku boma, chonena kuti amene angathe kupereka njerwa zowotcha alembe mtengo wake, atseke mu envulopu, aponye m'bokosi. Imeneyo ndiyo ankati tenda. Ndinalemba, ndinanyambita envulopu, ndinapalasa njinga kukwera mitunda yonse ija, n'kukaponya.

Tsiku lotsegula bokosi tinalipo atatu. Mmodzi anali atalemba ndi pensulo, ndiye anamuchotseratu asanakhale n'komwe pabenchi. Winayo anali bambo wa ku Lisungwi amene anali ndi lole yotuta mchenga ndi nkhuni ku Luwani, munthu wovala magalasi akuda ngakhale m'nyumba. Ndizingomutchula kuti wa lole. Wotsegula anali bwana wa zomangamanga, munthu wochokera kumpoto, wa tayi yopyapyala, amene ankayankhula Chichewa mosamala ngati akuwoloka pa mlatho wa mtengo umodzi. Anang'amba maenvulopu pamaso pathu n'kuwerenga mitengo mokweza. Wanga unali wotsika. Wa lole anavula magalasi, anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka ku nsapato zanga za matayala, n'kufunsa ngati njerwazo ndidzazisenzera pamutu. Ndinamuuza kuti chulu chili pafupi ndi sukulu, ndikaziitana ndi mluzu zidzapita zokha.

Patatha mlungu mesenjala anabwera ndi kalata. Inali m'Chingerezi, koma chidindo ndinachiona ndi maso anga, chachikulu, cha mtundu wa biringanya. Amene anandiwerengera anali apampando a chipani m'dera lathu, mkulu amene kale anali mphunzitsi, ndipo choko chinali chisanawatheretu m'mawu. Anati tenda ndi yanga. Kalatayo ndinaiika pansi penipeni pa sutikesi, pomwe pankakhala khadi la chipani ndi pepala la ukwati.

Ndiye tinagwira ntchito. Azilamu anga awiri ankaponda dothi, ine ndikuumba. Madzi ankatunga mayi a ana anga ndi achemwali awo, kutsetsereka mpaka kukhwawa, kukwera ndi ndowa pamutu, kuyambira mbandakucha mpaka dzuwa pamutu, milungu isanu ndi umodzi. Ine ndinkati ndikawerama ndi chikombole ndimve madzi akukhuthulidwa kumbuyo kwanga, osatembenuka n'komwe kuona amene wabweretsa. Njerwa zinadzaza bwalo lonse mpaka kumunda wa chinangwa, mizeremizere, titaziyala timaudzu pamwamba kuti zisang'ambike ndi dzuwa. Nkhuni zinali zitaunjikidwa. Chinatsala n'kusanja uvuni, kumata, kuyatsa. Mwezi wa Seputembala unali ukupita kumapeto, ndipo aliyense woumba amadziwa kuti njerwa yaiwisi ndi mvula yoyamba siziyenera kuonana.

Ndi pamene mesenjala anabweranso, ndi kalata yachiwiri. Chidindo chinali chomwe chija, koma apa anali atakanikiza kwambiri, mpaka inki inatulukira kuseri.

Apampando anaiwerenga kawiri chamumtima asanatsegule pakamwa. Anati wa lole wadandaula ku ofesi kuti chidziwitso chija sichinatchule kukula kwa njerwa, choncho anthu sanapikisane pa chinthu chimodzi. Ofesi yaona kuti akunena zoona, ndipo pofuna kukonza yafafaniza tenda yanga. Iyambiranso, aliyense aponyenso envulopu, ndipo tsopano kukula kwa njerwa kwalembedwa m'mamilimita. Mzere womaliza unkati ndiimitse ntchito yonse yokhudza tendayo mpaka nditauzidwa. Apampando anatenga rula yawo yakale, tinayeza njerwa yanga imodzi. Inaperewera ngati chala chimodzi m'litali, ndi kachidutswa m'msinkhu.

Mukumva kukonza kwake? Mtengo wanga unali utawerengedwa pagulu, wa lole akumva ndi makutu onse awiri. Tsopano ankangofunika kulemba wotsikirapo pang'ono basi. Ndipo ngakhale ndikanatsitsa mpaka pansi, njerwa zonse zili pabwalozo zinali zitasanduka zosayenera, chifukwa cha manambala amene munthu wina anatola m'buku. Wolakwitsa polemba chidziwitso anali wa mu ofesi, wodandaula anali wa lole, koma amene anakonzedwa ndinali ine.

Mayi a ana anga atamva sanatenge nthawi. Anati tisanje uvuni mawa lomwelo, tiwotche, za amene adzagule tidzaziona njerwa zili zofiira. Ndinawaonetsa mzere womaliza uja, ngakhale tonse awiri sitinkatha kuuwerenga, n'kuwauza kuti boma lati tiime.

"Boma linakumba nawo chuluchi?" anandifunsa.

Ndinati ayi, koma pali chidindo. Ndinawafotokozera bwinobwino, ngati munthu wophunzira, kuti utsi wa uvuni umaoneka kutali, ndipo munthu woyatsa moto pamene boma lati ima, nthawi imeneyo ankatchulidwa dzina limene sindinkafuna kuti ana anga alimve. Inu ana a masiku ano amene mumatukwana akuluakulu pa foni muli chigonere simungamvetse. Kunali anthu amene ankapita kukafunsidwa mafunso ochepa, n'kubwerako ana awo atakula. Choncho mantha anga sanali opusa onse. Theka lokha. Ndinalamula kuti pasapezeke wogwira njerwa ngakhale imodzi, azilamu anga anabwerera kukasosa m'minda mwawo, ndipo ine ndinati ndikatsutsa kukonzako m'njira yake, pa pepala.

Vuto linali lakuti, kodi umadandaula bwanji za boma popanda kunena kuti boma lalakwa? Ndinapita kwa apampando ndi nkhuku, tinakhala pakhonde, iwo ndi cholembera, ine ndi mkwiyo. Ndinati alembe kuti ofesi yandilakwira. Anaika cholembera pansi n'kundifunsa ngati ndatopa ndi kugona m'nyumba mwanga. Anati tilembe kuti ndikuthokoza boma chifukwa cha chitukuko cha masukulu. Ndinavomera. Ndinati tsopano alembe kuti kukonzako n'kokondera. Anati mawu amenewo ali ndi minga, tilembe kuti ndikuthokoza ofesi chifukwa chokhala tcheru pokonza zinthu. Ndinati nanga za mtengo wanga umene unaululidwa? Anati tilembe kuti ndikuyamikira kuti zonse zinachitika poyera. Nanga za njerwa zimene zili pabwalo? Analemba kuti ndine wokonzeka kutumikira dziko langa ndi njerwa nthawi iliyonse. Atandiwerengera yonse, ndinamva kukoma. Inali kalata yaulemu kwambiri, yoti ngakhale mayi ako angalire.

Apampando anadindapo chidindo cha nthambi ya chipani. Koma ine ndinaona kuti n'chaching'ono poyerekeza ndi cha biringanya chija, ndiye ndinaganiza kuti zing'onozing'ono zikachuluka zingathe kugwetsa chachikulu. Ndinapita kwa mlangizi wa ziweto, amene ankadinda zilolezo zoyendetsera ng'ombe. Anandifunsa ngati njerwazo zili ndi nkhupakupa, koma anadinda. Ndinapita kwa alembi a mpingo, anadinda. Kalata yanga inafika ku boma itachita mawangamawanga ngati nkhanga.

Ndinadikira milungu itatu. M'mawa uliwonse ndinkatuluka kukayang'ana kumadzulo, kumapiri a m'malire, kumene mvula yathu imachokera. Kunkatentha moti nkhuku zinkayenda kukamwa kuli yasa. Mayi a ana anga ankadutsa pakati pa mizere ya njerwa popita kumunda, akuyenda mwa mtundu wina, woti ndizimva phazi lililonse.

Yankho linabwera. Apampando anawerenga, anakhosomola, n'kuyang'ana kumbali. Ofesi inati yalandira kalata yanga yothokoza, yakondwera kwambiri ndi mtima wanga wokonda dziko, ndipo ikundilimbikitsa kuti ndidzaponyenso envulopu pa tenda yatsopano. Pambuyo pake ndinamva kuti anaiika mu failo ya makalata oyamikira, imene ankaionetsa kwa alendo. Milungu itatu ya dzuwa labwino, ine ndikudikira kuthokozedwa chifukwa chothokoza.

Tsiku limenelo ndinapita kusukulu kuja ndekha, nditakwiya, kungoyenda. Ndinaima pakhoma la buloko yakale, kumapeto kumene ankafuna kulumikiza. Amisiri akale anali atasiya mano, njerwa zotuluka mzere uwu, zolowa mzere wotsatira, kuti wodzamanga adzalumize zatsopano. Ndinaika dzanja pamenepo, ndipo mutu umene sunafike sitandade faifi unagwira ntchito. Njerwa ya mamilimita awo singalowe m'mano amenewo. Ndi yaitali, ndi yokwera. Mizere singakumane. Khoma limenelo linkafuna njerwa ya chikombole cha bambo anga, osati ina.

Pakona panali njerwa imodzi yogwedera kale, imene mbuzi zinkadzikandapo. Ndinayang'ana uku ndi uku, ndinaisolola. Kunena zoona ndinaithandiza pang'ono ndi mwala. Ndinaikulunga m'chitenje chakale cha akazi anga pamodzi ndi yanga imodzi yaiwisi, ndinamanga pa kaliyala, ndipo m'mawa mwake ndinapalasa kupita ku boma.

Pakhomo ndinaonetsa khadi la chipani, anandiuza kuti ndikhale pabenchi. Ndinakhala kuyambira m'mawa mpaka otaipa anapita kukadya n'kubwerako. Aliyense wodutsa ankayang'ana phukusi langa, ena ankaganiza kuti ndi mbatata ya bwana. Atandiitana, ndinalowa, ndinagwada pang'ono monga tinkachitira, n'kumasula chitenje patebulo pake, pamwamba pa mapepala. Dothi linayoyokera pa failo. Bwana wa tayi uja anasuntha mpando.

Ndinati sindinabwere kudzathokoza. Ndinamuuza kuti iyi yofiirayi ndi ya pakhoma la sukulu, iyi yotuwayi ndi yanga, aziyeze.

"Madala, mwagumula nyumba ya boma?" anafunsa motsitsa mawu, maso ali kuchitseko.

Apa ndi pamene ndinazindikira kuti ndanyamula umboni wondimangitsa ndekha, mtunda wonse uja, pa njinga yanga. Ndinati inagwa yokha, bwana, ine ndinangoitola kuti ingasochere. Anandiyang'ana nthawi yaitali. Kenaka anatseka chitseko, anatulutsa tepi m'dirowa, n'kuyeza zonse ziwiri. Anaziika pamodzi, anazitembenuza, anayezanso. Yanga inaposa ndi kachikhadabo, ndipo ndinamuuza kuti kameneko kamadyedwa ndi moto. Anagwedeza mutu, zimenezo ankazidziwa.

Anali munthu wabwino, ndiyenera kunena. Anavomera kuti manambala aja anawatenga m'buku la nyumba zatsopano, osaganiza kuti iyi n'njolumikiza. Anati za mtengo wanga woululidwa sangachitepo kanthu, chifukwa mawu akatuluka m'kamwa sabwerera mu envulopu. Koma za kukula kwa njerwa, anati imeneyo ndi nkhani yoti komiti ingaimve, chifukwa kukonza kumene kukuchititsa khoma kukhota sikukonza. Analemba yekha dandaulo langa, mizere isanu yokha, yopanda zikomo ngakhale mmodzi, ine n'kusaina. Vuto, anati, komiti imakumana bwana wamkulu akabwera kuchokera ku ofesi yaikulu, ndipo galimoto ya bwana wamkuluyo inali ku garaja.

Ndinafunsa funso limene linandibweretsa. Ndinati mitambo yayamba kusonkhana, njerwa zili pansi, kodi ndiwotche?

Anati iye sangandiuze kuti ndiwotche, chifukwa kalata yati ntchito ya tenda iime. Anati sangandiuzenso kuti ndisawotche. Kenaka anandifunsa, pang'onopang'ono, akundiyang'ana m'maso, kuti kodi dothilo ndi la yani, ndipo nkhunizo anagula ndani. Ndinati dothi ndi la kwa akazi anga, nkhuni ndinadula ndekha. Anatambasula manja.

Mwana wa sitandade wani akanamva. Munthuyo ankandiuza, m'njira yokhayo imene wantchito wa boma akanatha nthawi imeneyo, kuti njerwazo ndi zanga, ndichite nazo zimene ndikufuna. Koma ine ndinati, ngati ndi choncho bwana, mundilembere pakapepala kuti ndiwotche, mudindepo. Anatseka maso ngati munthu amene dzino lamuyamba. Anati zimenezo sangalembe. Ine ndinatuluka ndikuganiza kuti wandikaniza. Njerwa ziwiri zija zinatsala patebulo pake monga umboni, chitenje anandibwezera.

Nditafika kunyumba ndinafotokoza zonse, mawu ndi mawu, ndikudzitama ndi nzeru zanga za mano a khoma. Mayi a ana anga anasiya kusankha nyemba. Anati ndibwereze pamene bwana anafunsa za dothi. Ndinabwereza. Anati ndiye wakuuzani kuti muwotche. Ndinati sanadinde. Anandiyang'ana ngati mmene anandiyang'anira bwana uja, ndipo ndinadabwa kuti anthu awiri osadziwana, wina wakumpoto wina wakuno, angakhale ndi nkhope imodzi.

Kuyambira pamenepo ndinkapita ku boma kawiri pamlungu. Benchi ija inandizolowera. Mesenjala ankangondiona n'kunena kuti galimoto sinatuluke, ndisanapereke n'komwe moni. Ulendo wina anati yatuluka koma yapita kumsonkhano wa chipani. Ulendo wina anati bwana wamkulu anabwera dzulo, koma failo yanga inali itatsekeredwa m'kabati, ndipo wosunga kiyi anali kumaliro. Tsiku lina pobwerera ndinakumana ndi wa lole pamsewu. Anaimitsa, anasuzumira pawindo, n'kundifunsa ngati njerwa zanga zayamba kumva mluzu. Anati akumva kuti ndikuziweta, mwina zibereka. Ndinafuna kumuyankha, koma fumbi la lole yake linandilowa m'kamwa, ndipo yankho labwino linandibwerera nditafika kale kunyumba. Mpaka lero ndili nalo, silinagwire ntchito.

Kunagwa kamvula kamodzi kowaza, kongonunkhitsa dothi. Njerwa za pamwamba zinachita timabowo ngati nkhope ya munthu amene anadwala nthomba. Azilamu anga anabwera okha, osaitanidwa, kudzanena kuti masiku atatu okha akwana kusanja uvuni, iwo ali okonzeka. Ndinawabweza. Ndinati komiti ikumana mlungu uno. Ndinali nditanena zomwezo mlungu wathawo.

Komiti inakumanadi, Novembala ali pakati. Ananditumizira mawu kuti ndipite. Ndinavala jekete, ndinanyamuka m'mawa kukadali chisisira, kumwamba kuli mbee. Bwana wa tayi ananditulukira yekha pakhonde, akumwetulira, kalata ili m'manja. Anandiwerengera m'Chichewa chake chosamala chija. Komiti yaona kuti kukula kwatsopano sikugwirizana ndi khoma lakale. Kukonza kuja kwachotsedwa. Tenda yabwerera kwa ine monga poyamba. Ndipereke njerwa zowotcha pasukulu pasanathe masiku khumi ndi anayi, kupanda kutero ipita kwa wotsatira. Pansi pake panali chidindo cha biringanya, ndi china chachikulu kuposa pamenepo, cha bwana wamkulu. Anandigwira dzanja n'kunena kuti chiyambire ntchito sanaonepo munthu wa kumudzi akubweza chigamulo cha ofesi. Kenaka anafunsa kuti uvuni unapsa bwanji.

Ndinati sindinayatse, ndimadikira pepala ili.

Anayang'ana kumwamba kupyola phewa langa, ndipo ine ndinatembenuka. Kumapiri a m'malire kunali kutada bii.

Kalatayo ndinaipinda, ndinaikulunga m'pepala la pulasitiki la shuga limene ndinapempha pagolosale, n'kuiika mkati mwa malaya. Ndinapalasa ngati wakuba. Mvula inandipeza ndisanafike theka la njira, ndipo sinali yowaza ayi, inali ija yoyamba yeniyeni, yobwera ndi mphepo, yosandutsa msewu kukhala mtsinje wofiira. Matope anamata matayala mpaka njinga inakana, ndinaisenza. Pakhwawa lina ndinadikira madzi kuti atsike, nditakhala pamwala, dzanja lili pachifuwa kutchinjiriza pepala. Ndinkawerengera masiku: atatu kusanja, limodzi kumata, atatu kuwotcha, anayi kuzizira. Zinkakwana. Ndinawerengera kangapo, ndipo nthawi iliyonse zinkakwana, bola mvula imeneyi ikhale kuti yalambalala mudzi wathu wokha.

Ndinafika dzuwa litangolowa, mvula itasanduka yamawawa. Pabwalo panalibe mizere. Panali phala lofiira, losalala, lotsetsereka pang'onopang'ono kulowera kumunda wa chinangwa, timaudzu tija tikuyandama pamwamba. Apa ndi apo unkaona kakona ka njerwa kakusuzumira, ukakagwira n'kukhala ngati ukugwira sopo wonyowa. Milungu isanu ndi umodzi. Ndinaima pamenepo ndi njinga paphewa, ndinaiwala kuitsitsa. Kalata inali youma bwinobwino, inki sinasungunuke ngakhale dontho.

Ndikuuzeni zam'tsogolo kuti musavutike n'kufunsa. Masiku khumi ndi anayi anatha, tenda inapita kwa wotsatira, ndipo wotsatira anali wa lole. Anabweretsa njerwa zazikulu zimene anali nazo kale, poti nthawi inali itatha ndipo panalibe wina wokhala ndi zowotcha. Amisiri anagumula mano aja n'kungogundanitsa makoma awiriwo. Mukadzadutsa pasukulupo mudzaone pamene chakale chikumana ndi chatsopano: pali mng'alu wolowa dzanja, umene amaumata chaka ndi chaka. Ine ndikamadutsa ndimauvulira chipewa.

Koma tsiku limenelo, nditatsitsa njinga, ndinaona kuti chitseko cha nyumba yathu sichikutseguka bwino. Ndinakankha, ndinalowa cham'mbali. M'nyumba munali njerwa. Pabalaza zinali zitasanjidwa mpaka m'chiuno, kuchipinda kwa ana zinalipo, pansi pa bedi lathu zinalipo, pakhonde lakuseri zinali zitafunditsidwa ndi udzu umene tinasungira kufolera denga. Mitambo itayamba kuda, mayi a ana anga anaitana achemwali awo ndi amayi a m'mudzi, anatuta pamutu, zinayi zinayi, mpaka mvula inawaletsa. Sizinali zokwana makalasi awiri, ngakhale theka la kalasi imodzi. Koma zinali zouma.

Ine, m'malo mothokoza, mukudziwa chimene ndinachita? Ndinatulutsa kalata m'malaya, ndinaitambasula pafupi ndi nyali, n'kuwaonetsa zidindo ziwirizo. Ndinati tapambana. Ndinati komiti yonse yavomera kuti ine ndinali wolondola. Iwo anali atakhala pamulu wa njerwa, akudzipaka mafuta m'khosi mmene munali mutatupa. Anayang'ana pepalalo mwaulemu ndithu, mpaka ndinamaliza. Kenaka anandipatsa nsalu yoti ndidzipukutire.

"Mwapambana, bambo a ana, tamva," anatero. "Za boma zija ndi zimene zili panjazo, mukawauze adzatenge. Izi zili m'nyumbazi ndi zanga. Chulu n'chathu, madzi ndinatunga ndine, lero ndasenzanso ndine. Kukangoyera ndisanja kauvuni kanga, ndiwotcha, ndimangitsa khitchini. Ngati muli ndi dandaulo, kalembeni kalata. Kodinditsa mukukudziwa."